Kang'oma Kosalembedwa Papepala

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ada, monga timatchulira bambo kwathu ku Kande, anandipatsa ntchito yoyang'anira mapepala a katundu wawo. Ada anali mmisiri wosema mipando ndi ziboliboli, koma Chingerezi ankangodziwa chonenerera mitengo ndi alendo. Ine ndinali mu Sitandade 8, ndiye loya wa m'nyumba mwathu ndinali ineyo.

Chaka chimenecho mzungu wina wa ku Australia anaitanitsa mipando khumi ndi iwiri ya mlombwa ndi ziboliboli makumi atatu, nalonjeza kuti zikafika bwino aziitanitsa chaka ndi chaka. Ada anasema miyezi isanu ndi itatu osapuma. Munda wa chinangwa unalowa tchire, manja awo anang'ambika, koma ankasema akuimba nyimbo za kwaya.

Katundu atatha, kunabwera mayi Kachingwe a ku Lilongwe, amene ntchito yawo inali kutumiza katundu kunja. Zosema zonse zinapoperedwa mankhwala ophera tizilombo, fungo lake mpaka kuwawa kummero, ndipo woyendera wa boma anawerenga chimodzichimodzi nadinda. Kenako mayiwo anandikhazika pansi pa mtengo wa mango, nandionetsa mndandanda wa katundu ndi chiphaso cha mankhwala.

"Mwanawe, chili m'bokosi chikhale papepala, chili papepala chikhale m'bokosi. Ngakhale singano usailole."

Iwo ananyamuka tsiku lomwelo, lole inali yodzabwera m'mawa mwake. M'mawamo ada ndi anzawo ankalongedza, ine ndikuchonga ndi pensulo, ndipo zonse zinakwana ndendende. Atatsala pang'ono kukhoma chivundikiro, ada analowa m'nyumba natuluka ndi kang'oma ka chikopa cha mbuzi, ubweya uli pomwepo. Anati kameneko ndi basera. Kwathu ngakhale wogulitsa usipa amakuponyerapo pang'ono, nanga munthu wogula mipando khumi ndi iwiri angapite chimanjamanja?

Ndinanena motsitsa mawu kuti kang'omako papepala palibe.

"Iwe, mphatso amailemba papepala? Wayamba liti kundiphunzitsa ulemu?"

Anzawo aja anaseka. Ine ndinazyolika, ndinapinda mapepala, ndipo misomali yokhomera ndinawapatsira ndi dzanja langa.

Patapita miyezi inayi kunabwera kalata yochokera kwa mzungu uja, ndipo woiwerenga ndinali ine ndemwe. Padoko la ku Australia anatsegula bokosi napeza chikopa cha nyama chimene sichinalembedwe paliponse. Popeza mapepala ananama pa chinthu chimodzi, sanawakhulupirirenso pa zina zonse. Kubweza bokosi kunali kokwera mtengo, mzungu uja anakana kulipira, choncho linatenthedwa. Ada anandiuza kuti ndiwerengenso, mwina ndalumpha mzere. Ndinawerenganso.

"Ndi mipando yomwe?"

"Ndi mipando yomwe, ada."

Sanandikalipire, ngakhale tsiku limodzi, ndipo chimenecho ndicho chinandipweteka koposa. Bola akanandimenya. Mzungu uja sanalembenso. Ada anapatsa mphwawo sompho ndi zosemera zonse, nakalowa ulonda pamalo ena ogona alendo, pomwe ankatsegulira geti anthu amene kale ankagwada posirira mipando yawo. Anamwalira patatha zaka zinayi, asanasemenso ngakhale chipande.

Lero ndimagwira ntchito yomweyi ku Blantyre, kuyerekeza mapepala ndi katundu wopita kunja. Anzanga amati ndine wouma mtima chifukwa ndimabweza lole yathunthu kaamba ka katoni imodzi. Ndikudziwa tsopano kuti ada sanalakwitse chilichonse chimene ankachidziwa: anachita zimene munthu woleredwa bwino amachita. Wodziwa ndinali ine. Ndinaopa kuwachititsa manyazi kwa mphindi imodzi pamaso pa anzawo anayi, ndiye ndinawasiya akhome bokosi. Makatoni onse amene ndagwira m'zaka izi sanandichotsere chisoni chimenecho, chifukwa bokosi limene ndinayenera kuliletsa linali limodzi lokha, la bambo anga.