Televizau ya akamwini anga

Anzanga, izi ndikukuuzanizi si zomva kwa anthu kapena za kumaloto ayi, ndinaziona ndi maso angawa, ndipo Mulungu amene ndimamugwadira m'mawa uliwonse ndiye mboni yanga. Maina sinditchula, chifukwa eni ake ali moyo, mwina ena mumakwera nawo shapa imodzi, timabasi tathu tija.

Ine kwathu ndi ku Ntengo-Wambalame, ndimalima kachewere ndi nyemba. Mwana wanga woyamba, wamkazi, anakwatiwa ndi bambo wina wogwira ntchito ya boma, ndipo anamutenga chitengwa kupita naye ku Furancungo. Ndinathokoza Ambuye, nanga ndani sangathokoze mwana wake akamagona m'nyumba ya malata yoyaka magetsi? Mimba yake yoyamba itakula, masiku atayandikira, ndinamanga tinyemba ndi nsalu za makapulana n'kupita kukamudikirira.

Mwambo wathu mukuudziwa, mpongozi ndi mkamwini sayang'anana m'maso, sakhalira pamodzi, mawu amadzera mwa mwana. Choncho akamwini akakhala pa sala, pabalaza paja, ine ndinkakhala m'chipinda cha kuseri kwake, pakati pathu khoma limodzi basi.

Loweruka lina anabwera ndi televizau yaikulu ngati chitseko, pamodzi ndi chitsulo chake chopachikira pakhoma, chokhala ndi mkono wopindika ngati chigongono, woti ukaukoka televizau imabwera kutsogolo n'kutembenukira kumene ukufuna. Mwana wanga atati bwanji aitane oyandikana nawo adzathandize kunyamula, ndinamva akumuyankha kuti safuna anthu a manja athukuta agwire galasi lawo, nanga iyeyo anamukwatira kuti azingodya n'kutupa?

Ine ndili kuseri ndikusankha nyemba, ndinkangomva mawu. Anamunyamulitsa televizauyo kuti aitsamiritse kukhoma, eni ake atakhala pampando kuyesa msinkhu, amvekere kweza, tsitsa, wapendeketsa, kodi kwanu kumapiriko chinthu chowongoka mumachidziwa? Kenaka makina oboolera analira, anamanga chitsulo chija ndi maparafuzo, misomali yopota ija, n'kukolekapo televizau. Koma nyumbayo inali ya zidina, simenti anangopaka pamwamba, ndiye atangokoka mkono uja maparafuzo a m'mwamba anayamba kuzuka, dothi lili waa! Anakuwa kuti gwira iwe, ukaigwetsa undiona. M'malo moitsitsa pansi, ati ayi, kukoleka n'kovuta, aigwirire momwemo mpaka iwo aboole khoma lonse alowetse maparafuzo aatali otulukira kuseri.

Nthawi inapita, anzanga, mpaka nyemba zinatha m'lichero. Pena makina alire, pena akamwini ayankhe foni n'kumaseka ndi anzawo za mpira wa mawa, koma mawu a mwana wanga osamveka ngakhale pang'ono. Ndinkadziuza kuti mwina wakhala pansi, nanga munthu wa pakati angaime nthawi yonseyi?

Mwadzidzidzi nsonga ya makina inatulukira m'chipinda changa, fumbi kundithira kumutu. Ataizula panatsala kabowo kolowa chala. Ndinaimirira n'kuikapo diso. Sindinaone zambiri, kabowo n'kabowo, ndinangoona pakamwa pa mwana wanga. Mlomo wa m'munsi unali utang'ambika ndi mano ake omwe, thukuta likudontha pachibwano, ndipo pakamwapo pankagwedera popanda mawu, ndinazindikira kuti akupemphera. Kenaka parafuzo linalowa m'bowomo, sindinaonenso kanthu.

Pamenepo akamwini, ndi ulemu wawo wonse, anaponya kachitsulo pakhomo la chipinda changa, n'kuuza mwana wanga kuti uwauze amayi akowo amange kumapeto kwa parafuzo kuseriko, asamangotha ufa wanga. Mwana sanathe kubwereza mawuwo, anangobuula, kubuula kuja kumene mayi aliyense wobereka amakudziwa. Lichero ndinalitaya uko n'kulowa pa sala.

Ndinapeza manja ake atalephera kalekale, m'mphepete mwa televizau mutakhazikika pamimba penipeni, magazi akutsika m'miyendo mpaka kuphazi. Ndinalowetsa phewa langa pansi pa chinthucho, iye n'kugwa chokhala. Kwa nthawi yoyamba ndinawayang'ana akamwini m'maso, tili pafupi mpweya kuomberana, ndikuwapempha kuti atulutse mota, njinga yawo yamoto, timuthamangitsire kuchipatala. Maso amene ndinaona aja mpaka lero amandinjenjemeretsa. Munalibe mkwiyo, munalibe mantha, anali phee ngati a munthu woyang'ana mbuzi ya eni ake. Anati apongozi lero mwambo autaya, komanso mimba si matenda, akazi akwathu amasenza matumba a kachewere mpaka tsiku lochira, ndiye ndigwire bwino amalize kaye, ndipo uyo asunthe asadetse tapeti yawo yoyala pansi.

Kuisiya sindikanatha, ikanagwera mwana amene anali pansi pake. Chimene ndinatsala nacho ndi pakhosi, ndipo ndinakuwa mfuu imene sindinakuwepo chibadwire. Mayi wina, mphunzitsi woyandikana nawo nyumba, anathamanga n'kumukokera mwana wanga panja, amuna ake analiza mota, mayiyo n'kukwera kumbuyo atamukumbatira. Nditaona kuti achoka ndinachotsa phewa, ndipo akamwini anaiwakha televizau ija ndi manja awiri, kuifungatira pachifuwa, akuipukuta ndi malaya. Ine ndinatsatira wapansi, opanda nsapato.

Anamwino anachita zonse, Ambuye adalitse manja awo ndi a mphunzitsi uja, mwana wanga anapulumuka. Koma kamdzukulu kanga, kakamuna, kanabadwa kali chete. Anamwino atamufunsa mwana wanga chimene chachitika, iye anayankha msanga kuti anaterereka pa mjigo, ndipo mmene bodzalo linatulukira mosavuta ndinadziwa kuti aka sikoyamba.

Mawa lake tinakaika kamwanako amayi okhaokha, opanda kulira, monga mwambo umanenera. Pobwerera, ndisanafike n'komwe pakhomo, ndinamva amuna akukuwa chigoli. Chitseko chinali chotsekula, televizau itakokedwa pa mkono wake uja n'kutembenuzidwa kuyang'ana pakhonde, pomwe anzawo anadzaza mabotolo ali m'manja. Akamwini atandiona anayang'ana kumbali mwaulemu, n'kutuma mnzawo kudzandiuza kuti chakudya cha alendo chachedwa.

Ndinalowa, ndinamanga zovala za mwana wanga m'kapulana, ndipo tsiku lomwe anamutulutsa m'chipatala tinapita molunjika pokwerera shapa. Kumudzi ena ankati banja n'kupirira, abwerere, ine ndinati amene akufuna kupirira apite yekha, njira ya ku Furancungo ndi iyo. Lero ali nane, amalima dimba lake, amaimba kwaya, ndipo ndikamumva akuseka ndimakweza manja kumwamba.

Kale ndinkaopa mfiti zotamba ndi mankhwala okwirira panjira. Tsopano ndimakhulupirira kuti choopsa kwambiri ndi munthu wopanda chisoni amene ulemu wonse amaudziwa, chifukwa amabisala m'mwambo momwemo, ife n'kumamuyamika.

Amayi anzanga, mukapita kwa ana anu mwambo sungani, sindikukana. Koma mukamva mkamwini yekha akulankhula, mwana wanu ali zii kuseri kwa khoma, musadikire, lowani. Mwambo ukasweka mudzapepesa ndi nkhuku. Nanga mdzukulu mudzamubweza ndi chiyani?