Mchenga M'kachitini ka Filimu

Nditabwerako kunkhondo ndi kamera yanga, ndinkajambula maukwati cha ku Utale. Filimu ndinkadula ndekha, n'kuikulunga m'kachitini kamkuwa kolowetsa m'kamera nditadzifundika mabulangete atatu kuopa kuwala, thukuta lili kamukamu. Tsiku lina kachitiniko kanandinyansa kuda, ndiye ndinakakwecha ndi phulusa ndi mchenga ngati poto. Kanawala, ine n'kudziona katswiri.

Kamchenga kamodzi kanatsalira potulukira filimu, n'kumaikanda. Zithunzi zonse za ukwati wa mwana wa a Likoswe zinatuluka ndi mzere wakuda wodutsa pakhosi pa mkwati ndi mkwatibwi.

"Nanga chingwechi, a Saizi?" anandifunsa a Likoswe atakwinya nkhope.

Ndikanangovomera kuti ndalakwitsa. Iyayi, pakamwa panga panatuluka zina: "Bambo, ku Ulaya akutero masiku ano. Chimamanga banja."

Anandigwira chanza ndi manja awiri.

Kachitiniko ndinakapukuta ndi nthenga, mzere n'kutha. Koma akwati otsatira anandibwezera zithunzi zawo, ati ndawamana chingwe. Kuyambira pamenepo, ukwati uliwonse ndinkathira dala mchenga m'kachitini kanga, ndikudzitukwana chamumtima pansi pa mabulangete.