Nthenga pa Bulangeti la Mdzukulu Wanga

Uthenga unandipeza ndili chiweramire pa sinki ya kuseri, manja ali m'thovu, foni ikulira m'thumba la epuloni. Anali mpongozi wanga, akuimba ali kuchipatala. Anati, "Amayi, amuchotsa kapaipi ka m'mphuno kaja. Akupuma yekha. Wayamwanso."

Ndinakhala pansi pa simenti ponyowa pomwepo. Akupuma yekha, akupuma yekha, mdzukulu wanga akupuma yekha. Nthungululu inatuluka yokha osaituma, mpaka galu wa kuseri kwa mpanda anandiyankha. Koma ndisanafike pa zovina ndiyambe ndi nthenga, pakuti chimwemwe ichi chinadzera njira yoopsa.

Ife timakhala ku Glen Norah, m'tauni kuno kudziko la anthu olankhula Chishona, kutali ndi kwathu. Kuseri kwa nyumba yanga kuli kachipinda komwe amagona mwana wanga wamwamuna, mkazi wake ndi khanda lawo lalikazi. Ntchito ya kufakitale itatha, mwana wangayo anati aziweta mabroila, nkhuku zoyera zija zonenepa msanga. Malo kuno ndi ochepa, ukatambasula mkono wagunda mpanda wa mnzako. Ndiye khola analimanga motsamira khoma la chipinda chake, mbali zinazo n'kuika waya, pamwamba malata. Ine ndinakulira pa famu ya fodya, kumene nkhuku zathu zinkagona mumtengo, choncho za nkhuku zoyerazi ndinalibe chonena.

Poyamba zinali bwino. Mphepo inkalowa uku n'kutulukira uko. Koma kumene inkatulukirako ndi kwa neba wathu, mayi wamasiye wa Chishona amene amagulitsa tomato ndi masamba a ndiwo otchedwa kovo pageti pake. Anayamba ndi ulemu, akuti gogo, fungo likundithamangitsira ogula. Kenaka ulemu unatha. Anakalipirana ndi mwana wanga pampanda, Chishona chikuthamanga, mayiyo akuti akadandaula ku ofesi ya khonsolo. Kuchokera tsikulo moni anatha pakati pathu.

Mwana wanga sanafune milandu. Anatenga masaka ndi pulasitiki yakuda, n'kuphimba waya yense, n'kukhomerera, n'kutsekera ndi nsanza timipata tonse ta pansi pa malata. Juni analinso atafika ndi chisanu chake chija cholowa m'mafupa, ndiye anati zakhala bwino kawiri, neba sanunkhidwa, nkhuku sizizizidwa. Anaikamonso mbaula ya makala. Khola linakhala ngati mphika wovundikira.

Kenaka zinthu zinayamba kukhala chete.

Nkhuku zoyerazi zimalongolola tsiku lonse, koma zinasiya. Ukasuzumira unkazipeza zili khale, milomo yasa, maso akuchucha madzi. Utuchi wa pansi unada n'kunyowa. M'mawa malata ankadontha ngati kunja kwagwa mvula, pamene kumwamba kuli mbee. Ukatsegula chitseko maso ankawawa ngati ukusenda anyezi. Mwana wanga ankati nkhuku ndi momwe zimanunkhira, tizolowera. Ndipo tinazoloweradi.

Mphaka wathu amene ankagona kumiyendo kwa bedi la mpongozi anakana kulowa m'chipindamo. Ankafika pakhomo, n'kuima, n'kubwerera. Mpongozi ankadzuka mutu ukuwawa. Ndipo khanda, khanda langa lija lonenepa masaya, linayamba kutsokomola, pachifuwa pakulira ngati ketulo yoyamba kuwira.

Tsiku lina m'mawa mpongozi anandiitanira pambali, n'kutambasula dzanja. Munali timanthenga toyera, tofewa, tating'ono ngati mpunga. Anati watitola pa bulangeti la mwana. Anati dzulo nthenga zinaliponso, dzana zinaliponso, ndipo iye amakutumula bulangetilo tsiku lililonse. Chitseko chotseka, zenera lotseka, iye sapita kukhola, bambo a mwana amavulira zovala zantchito panja. Nanga nthenga zikulowera kuti?

Sitinatchule munthu. Tonse awiri tinangotembenukira kumpanda.

Inu amene munakulira kwathu mukudziwa chimene mtima umanena ukapeza nthenga pogona mwana, mutangokangana kumene ndi munthu. Ndiye tinachita zimene tinkadziwa. Amayi a kutchalitchi anabwera kudzapemphera. Mchere tinawaza pakhomo. Koposa zonse tinatseka. Pansi pa chitseko tinaika chiguduli, m'mphepete mwa zenera tinamata manyuzipepala, kuti chotumidwacho chisowe polowera. Tinatseka, tinatseka, tinatsekeratu. Nthenga zinachuluka.

Lachisanu lina dzuwa litakwera, ndinamuvula mwana kuti ndimusambitse, ndipo ndinaona nthiti zake zikulowa m'kati akamakoka mpweya, milomo itatuwa ngati phulusa. Sanalire n'komwe. Kulirako kukanandilimbitsa mtima. Mpongozi anamubereka, tinathamangira kombi, minibasi ya kuno, kondakitala ataona nkhope zathu anatsitsa mnyamata wina kuti tikhale kutsogolo. Kuchipatala anamuika kapaipi m'mphuno. Nesi anafunsa ngati timaphikira m'chipinda, ngati pali wosuta fodya. Tinati ayi. Za nthenga sitinanene, pakuti zotere sunena kwa nesi.

Mawa lake masana ndinalowa m'kachipinda kaja kuti nditenge zochapa. Ndili m'katimo ndinamva odi pakhomo. Anali neba, atanyamula nthochi m'mbale, akuti wamva kuti mwana wagonekedwa. Ndinafuna kumubweza. Koma munthu wobwera kudzazonda matenda sabwezedwa, ndiye ndinati lowani.

Anangoponda kamodzi n'kugwira mphuno. Misozi inalengeza m'maso mwake. Anandiyang'ana, n'kunena m'Chichewa chake chothyokathyoka, "Gogo, mwana amagona muno?"

Ndinati inde, bwanji. Ine sindinkamva kanthu, mphuno zanga zinali zitafa kale.

Chitseko anachisiya chotsegula, dzuwa linalowa ngati mpeni. Ndipo m'kuwalamo tonse awiri tinakaona. Kanthenga kamodzi, koyera, kakutsika pang'onopang'ono kuchokera pamwamba pa wadirobu, kakuvina, kakutembenuka, mpaka kanatera pa pilo wa mwana. Kenaka kena. Ine ndinabwerera m'mbuyo. Nebayo sanaope. Anaika mbale pansi, anakoka mpando, anakwera, n'kuyamba kunditsitsira masutikesi amene anaunjikidwa pamwambapo chikwatiwire mpongozi.

Kuseri kwa masutikesi kunali njerwa zamabowo zija amaika omanga kuti nyumba izipuma. Tonse tinali titaziiwala. Zinali zitamera ndevu za fumbi ndi nthenga. Anati ndikwere ndiikepo dzanja. Ndinakwera, ine nkhalamba, ndinaikapo. Mpweya wofunda, wonyowa, wonunkha mkodzo ndi makala, unkandipuma pachikhatho ngati chinyama chagona kuseri kwa khoma. Khola lonse, mmene tinalitsekera mbali zonse, linatsala ndi mphuno imodzi yokha, ndipo mphunoyo inali pamwamba pa bedi la mdzukulu wanga.

Tinatuluka n'kupita kukhola. Iye anagwira uku, ine uku, tinang'amba pulasitiki ija mpaka misomali inalira. Fungo linatuluka n'kuwolokera kwa tomato wake, iye n'kupitirizabe kung'amba. Mwana wanga atafika anaima nthawi yaitali akuyang'ana mabowo aja. Kenaka anakasakaniza simenti n'kuwatseka, n'kuboola ena kukhoma loyang'ana kumsewu. Nkhuku zotsala anazitengera ku Caledonia kwa msuweni wake, kumene kuli bwalo ndipo mphepo imayenda momasuka.

Koma kutseka bowo sikuchotsa zimene zalowa kale m'chifuwa. Adokotala anati mapapo a mwana atupa, ndipo mpweya wotere umavulaza ngakhale wamkulu, tidikire. Tinadikira. Ndinachapa makatani, ndinachapa makoma, ndinaanika matiresi padzuwa, ndikuchapa chipinda chimene sindinkadziwa ngati mwini wake adzabweramo. Foni ikalira ndinkasiya zonse n'kuithamangira. Mpaka tsiku lija la pa sinki.

Ndiye mpongozi anabwera naye mwana kunyumba, atamukulunga m'bulangeti latsopano, mazenera onse ali pululu ngakhale kunali chisanu. Ndipo anthu anabwera, ee, anabwera. Ndiwatchule monga timawaitanira. Anabwera amake mapasa a pakona, ndi mapasa awo. Anabwera mlamu wanga wa ku Mbare atavala kofia yake yoyera, ndi mkazi wake atanyamula mandasi. Anabwera amayi a kutchalitchi, aja anawaza mchere, akuseka ndi manyazi pang'ono. Anabwera asiwiti a pa sitopu ya kombi, anabwera atelala, anabwera agogo a mpongozi kuchokera ku Warren Park ndi ndodo yawo, imene anaiiwala povina. Anabwera msuweni wa ku Caledonia ndi nkhuku ziwiri zososola kale. Anabwera mchemwali wanga wosamva bwino, amene anaimba nyimbo yake yosiyana ndi yathu mpaka mapeto. Mphaka naye analowa, n'kukagona kumiyendo kwa bedi.

Ndipo anabwera mayi wa tomato. Sanadzere kugeti, anadzera pampanda pomwe ankakalipira paja, mwana wanga atamugwira dzanja. Anati makorokoto gogo, ndiko kuti tikukondwera nanu, ine ndinati chimwemwechi n'chathu tonse, tonse, ndipo ndinamupatsa mwanayo kuti amunyamule.