Chitsetse chimene chikanandilanda mkazi ndi mwana

Inu owerenga, ine ndinatsala pang'ono kutaya mkazi ndi mwana tsiku limodzi. Sichinali chilombo, sanali matenda, inali njinga yanga yomwe. Nkhaniyi sindikonda kuikamba, koma ndikaona anthu akutsetsereka m'mapiri atakweza anzawo kumbuyo, mtima umandikana kukhala chete.

Munali m'masiku a Chitaganya, Chipata akutchedwa Foti Jemusoni. Ndinali mphunzitsi pa kasukulu ka mishoni cha ku Chipangali, ndipo chinthu chimene ndinkanyadira chinali njinga yanga yakuda, yolemera, ya kaliyala yotakata. Msewu waukulu sindinkaufuna. Malole a fodya ankakuthira fumbi n'kukukankhira m'ngalande, ndipo kutsogolo unkapeza asikari akufunsa chitupa ndi laisensi ya njinga. Ine ndinali ndi tinjira tanga ta nsangalabwi todutsa m'mapiri, mopanda galimoto, mopanda wokufunsa kumene ukupita. Loweruka ndinkanyamuka ngakhale popanda chifukwa, n'kumapalasa ndekha, matayala akuswa timiyala, njiwa zikulira m'mitengo ya masuku. Ukafika pamwamba, thukuta likuuma ndi kamphepo, minda yonse ya chimanga ndi thonje inkaoneka pansi pako. Kunena zoona, kunkakoma.

Koma mabuleki a njingayo anali atatha. Mphira zake zinali zitadyeka mpaka chitsulo kumaoneka, ndipo zatsopano zinkapezeka kusitolo ku Foti, kutali. Ndinkangoti ndidzagula ndikadzapitako. Potsika phiri ndinazolowera kuponda tayala lakutsogolo ndi nsapato, ndipo chifukwa ndinali ndekha, njinga inkamvera.

Chaka chimenecho mkazi wanga Nabanda anali ndi pakati. Mwana wathu woyamba anatisiya tsiku lomwe anabadwa, choncho anamwino anatilangiza kuti ulendo uno Nabanda akadikirire kuchipatala cha ku Tamanda masiku ake asanakwane. Inali nyengo yokumba mtedza, kukuzizira. Tinanyamuka dzuwa litangotuluka. Ndinamuyalira bulangete pa kaliyala, kamtolo ka zovala ndi ufa ndinamangirira kutsogolo. Apongozi anga anatiperekeza mpaka kumapeto kwa mudzi. Anaganiza kuti tidzera mumsewu, ndipo ine sindinawauze kuti ndasankha njira ya m'mapiri. Ndinati ndi yachidule, ndiponso mkazi wanga sapuma fumbi.

Poyamba ulendo unali wabwino. Pa chikweza ndinkatsika n'kumakankha iye ali pomwepo, akuseka kuti lero wakhala mfumukazi. Dzuwa litakwera tinafika pamwamba pa phiri lalitali kuposa onse a njirayo. Kuchokera pamenepo kanjira kamatsika mokhotakhota mpaka kumtsinje, kumene kunali ulalo wa mitengo pamwamba pa chigwembe.

Nabanda anasuzumira kumunsiko, kenaka anandigwira malaya.

“Abambo, bwanji pano titsike? Ndiyenda pang'onopang'ono.”

Ndinayang'ana mapazi ake otupa ndipo ndinamumvera chisoni. Komanso, ndisakubiseni, ndinkafuna aone kuti mwamuna wake amaidziwa njinga. Ndinamuuza kuti agwiritse, chitsetse chimenecho ndatsikapo kambirimbiri.

Inu owerenga, njinga ya munthu mmodzi si njinga ya anthu awiri ndi katundu. Titangokhota koyamba ndinamva kuti liwiro si lija ndinalizolowera. Ndinafinya buleki yakumbuyo, chitsulo chinangolira pa mkombero, kenaka kandodo kake kanaduka. Ndinaponda tayala ndi nsapato, nsapato inatentha n'kuvuka, n'kutsala m'njira. Timiyala tinkaterera pansi pathu. Nabanda sanakuwe. Anangondikumbatira m'chiuno, ndipo ndinamva mimba yake itandigunda kumsana, mwana ali momwemo.

Ndinadziwa kuti pa ulalo uja sitingadutse ndi liwiro limenelo. Tisanafike, kumanzere kunali udzu wautali wa m'mbali mwa dambo. Ndinakhotetsera kumeneko, ndipo njinga itayamba kugwa ndinadziponya pansi kuti iye agwere pa ine. Ndinamva fupa la paphewa likuthyoka ngati nkhuni youma.

Gudumu lokha linatsala likuzungulira m'mwamba. Nabanda anadzuka n'kukhala tsonga, atangokalika pachigongono. Ndinayamba kuthokoza Mulungu. Ndisanamalize, nkhope yake inasintha, anagwira m'chiuno n'kunena motsitsa kuti nsupa yasweka, matenda ayamba.

Apa ndi pamene ndinaidziwa bwino njira imene ndinkaikonda ija. Ndinakuwa, mawu anga anangobwerera kuchokera kuphiri. Ndinakuwanso. Panalibe wodutsa, ndipo sipakanadutsa munthu mwina mpaka mawa lake. Kumudzi ankadziwa kuti tili mumsewu, kuchipatala sankadziwa n'komwe kuti tanyamuka. Gudumu lakutsogolo linali litapindika, dzanja langa lamanja likulendewera. Kumunyamula sindikanatha, kumusiya ndinkaopa. Ndinangoima ngati chitsiru, maganizo ali pa kamanda ka mwana wathu woyamba.

Anandilimbitsa ndi iye mwini. Anati, “Mukaima pamenepo mundithandiza chiyani? Pitani mukafune azimayi.”

Ndinamufunditsa bulangete pansi pa mtengo, n'kuthamanga phazi limodzi lopanda nsapato. Ndinaoloka ulalo, ndinatsata mtsinje, ndikugwa ndi kudzuka, phewa likubaya. Nditazungulira kaphiri kena ndinaona utsi, kenaka munda, ndipo m'mundamo munali azimayi akukumba mtedza. M'khosi anali ndi makorona. Anali Aroma, anthu amene masiku amenewo ife a kumishoni kwathu tinkalimbirana nawo ana a sukulu, osapatsana moni wabwino. Wamkulu wao, amene anzake ankamutchula aNambewe, sanandifunse za mpingo kapena dzina. Atangomva kuti pali mayi wodwala m'tchire, anaponya khasu pansi, anatuma mmodzi kumudzi kukatenga madzi otentha ndi nsalu, ena onse n'kunditsata.

Titafika, anamuzungulira Nabanda n'kutchinga ndi zitenje zao. ANambewe, amene anali atandizindikira kale kuti ndine mphunzitsi wa kumishoni, anandiyang'ana n'kunena kuti, “Aphunzitsi, pano si pa amuna. Kakhaleni uko, mukapemphere m'mapempheredwe anu.”

Ndinakakhala paseri pa chulu. Sindidziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji, koma mthunzi unasuntha kuchoka mbali ina kupita ina. Ndinkamva kubuula kwa mkazi wanga ndi mawu a azimayi akumulimbikitsa. Kenaka kunakhala chete, chete yemwe uja ndinamumva tsiku limene tinataya woyamba. Ndinagwira mutu ndi dzanja lotsalalo. Mwadzidzidzi kamawu kakang'ono kanalira, kanaliranso mwamphamvu, ndipo nthungululu zinamveka dambo lonse. Ine, munthu wamkulu, ndinalira ngati mwana wa m'kalasi mwanga.

ANambewe anabwera akupukuta manja. Anati ndalandira mlendo wamkazi, mayi ake alinso bwino, tsono ndileke kulira ndisaopseze mwana. Dzuwa litapendeka, amuna a m'mudzi mwao anabwera ndi ngolo ya ng'ombe. Anatikweza tonse atatu pamodzi ndi njinga yopindikayo, n'kutidzeretsa njira yozungulira mpaka ku Tamanda. Kumeneko anamuyeza Nabanda ndi mwana n'kupeza kuti palibe chovuta. Wogonekedwa ndi mabandeji ndinali ine.

Apongozi anga atamva, masiku angapo sanandilankhule. Nabanda sanandinene ngakhale kamodzi. Anangoti phewa likapola ndiyambe ndapita ku Foti kukagula mphira, ndisanagwirenso chishalo. Ndinapita wapansi. Ndi anthu a mudzi wa aNambewe tinakhala pachibale kuyambira pamenepo, tikumayenderana pamaliro ndi pamaukwati.

Tsono inu owerenga, sindikukuletsani tinjira ta m'mapiri. Ndi tokoma, ndipo ine sindinatisiye. Koma njinga imene mabuleki ake mukuwakayikira musakwezepo munthu, ngakhale mutaidziwa chotani. Ponyamuka uzani a kunyumba njira yeniyeni imene mudzere, chifukwa kumene kulibe galimoto yokugundani kulibenso galimoto yokunyamulani. Ndipo amene mwamukweza akati titsike, musakambe zambiri, tsikani. Ine ndinapulumuka chifukwa mtedza unali usanathe kukumbidwa m'munda umodzi. Si nzeru zanga.

Mwana uja anakula, lero ali ndi ana akeake. Anthu akamufunsa kumene anabadwira, amayankha kuti m'mbali mwa dambo, atate atagwa pa njinga. Iwo amaseka, nanenso ndimaseka nawo, koma mkati ndimakhala ndikuthokoza kuti alipo woti anene zimenezo.