Mayi Gwak Ogogoda Dzimbiri ku Yeongdo

Nditangofika ku Yeongdo, mumzinda wa Busan, ndili mtengwa wochokera ku Vietnam, mutu unkandiwawa tsiku ndi tsiku. Kuyambira m'mawa nyundo zinkangoti ngwe! ngwe! ngwe! pa sitima zapamadzi zimene anazikokera kumtunda kuti azikonze. Paliponse pankanunkha penti ndi nsomba. Mwamuna wanga, wowotcherera zitsulo, akapita kuntchito, m'nyumba simunkakhalika. Ndinkangokwera ndi kutsika timisewu ta masitepe, maso ali kunyanja, mtima uli kwathu.

Ndi m'kuyendayenda kumeneko mmene ndinadziwira Mayi Gwak Mal-sun. Ntchito yawo inali yogogoda dzimbiri. Ankakhala pa thabwa lolendewera ndi zingwe m'mbali mwa sitima, nkhope ataikulunga ndi thawulo, nyundo ili m'manja. Ntchitoyi anaiyamba mwamuna wawo atamira panyanja, ana akadali aang'ono. Makutu anali atayamba kugontha, ndiye ankalankhula ngati akuitana munthu wa kutsidya.

"Mtengwa iwe!" anandikuwira masana ena atatsika pa thabwa. "Ukungozungulirazungulira, wataya chiyani?"

"Palibe, amayi."

"Ati chiyani?"

"Palibe!"

"Ndiye tiye ukadye. Wawonda ngati chogwirira cha nyundo yangayi."

Anandikokera m'kanyumba kogulitsa msuzi wa nkhumba ndi mpunga. Iwo anadya ali chiimire, mwendo umodzi uli kale pakhomo. Kuchokera tsikulo ankandiguza kulikonse: kumsika wa nsomba, kwa atelala, kwa bambo wogulitsa maunyolo akale. Anthu anayamba kundilonjera. Ndinazindikira kuti phokoso lija likaleka mwadzidzidzi, aliyense amatukula mutu kuopa kuti wina wagwa. Ndinayamba kuwakonda malowo.

Chaka chotsatira mwana wawo Seong-ho anabwera kuchokera ku Seoul ndi galimoto kudzawatenga.

"Amayi, zakwana. Manja akunjenjemerawa mudzagwa nawo."

"Ndinakulera ndi manja omwewa, chitsiru iwe."

Komabe anapita naye ku Seoul. Nditawaimbira foni anandiuza kuti nyumbayo ili m'mwambamwamba, mawindo satseguka, ndipo anansi sakuwadziwa. Ankangoyenda kuchoka kukhitchini kupita kuchipinda, kubwereranso, mpaka mpongozi wawo anawagulira nsapato zofewa kuti apansi asamadandaule.

Dzinja lisanathe ndinawapeza Mayi Gwak atabwerera, ali pa geti la kokonzera sitima, chikwama chili m'manja, akukangana ndi kapitawo.

"Azakhali, thabwa lija simukweranso," anatero kapitawoyo. "Mwana wanu angandiphe."

"Iwe, unabwera kuno mamina ali mbwee, lero ukundiletsa ine?"

Kapitawo anaseka koma sanalole. Mayi Gwak anaima nthawi yaitali akuyang'ana anzawo ali m'mwamba. Kenako anapukuta m'maso ndi thawulo n'kundipatsa chikwama kuti ndinyamule.

Nyumba yawo inali itagulitsidwa, ndiye anapeza kachipinda pafupi ndi ife. Tsopano amathandiza bambo wa maunyolo uja kupala dzimbiri pa zitsulo zakale, ndipo amamulalatira tsiku lonse kuti ndi waulesi. Lamlungu Seong-ho akaimba, iwo samva bwino, amangondiponyera foni.

"Muuze ndili bwino. Muuzenso aleke kunditumizira nsapato zija."

Ndisanamalize kulankhula naye amakhala atatuluka kale, akutsetsereka kupita kudoko kukaona sitima imene yangofika.