Apongozi Pakati pa Msewu wa Mchenga

Ndili pa njinga yamoto yanga ija, imene ndayamba kuphunzira imvi zitamera kale. Msewu ndi mchenga wokhawokha, ndipo mchengawo ukupuma ngati ng'ombe yogona. Sindikuwonjezera, ndikulumbira.

Mkazi wanga akuyenda wapansi, koma akundipitirira. "Bambo a Tadala, mukangogwanso, njinga imeneyi tigulitsa."

Mlamu wanga Yohane, wakabaza amene amandiphunzitsa, wakhala pa thanki, wachepa ngati botolo la mafuta. "Alamu, imirirani pa zopondera! Mapazi asatsike! Njinga imapita kumene maso akuyang'ana!"

Ndikuimirira, ndikuwonjezera moto. Mchenga ukundimvera. Mbuzi zikundiwombera m'manja, ndipo ndaziona ndi maso angawa.

Kenako pakati pa msewu patulukira apongozi anga aakazi, atasenza wailesi. Njira yolimba ikudutsa pambali pawo penipeni. Koma ine ndinaleredwa bwino, apongozi sitiwayang'ana kumaso. Ndikutembenuzira maso kuchulu.

Njinga nayo ikukhotera kuchulu. Ikukwera, ikukwerabe, mpaka akhwangwala ndikuwaonera kumsana. Pansonga injini yazima.

Apongozi akugwada kutali pansi. "Mwaswera bwanji kumwambako, bambo?"

"Ndaswera bwino, mayi." Kenako ndikukuwira mkazi wanga: "Sindinagwetu! Ndangoima pamwamba!"

"Tsikani tione," akutero. Pambali pake paima wogula, wavala kale chipewa changa.

Ndadzuka nditagwira neti ndi manja awiri, mtima uli m'malo. Mpaka tambala kulira ndinali ndisanatsike, choncho njinga ikadali yanga.