Madzi Ozungulira M'chitsime cha Bambo

Kwathu kwa Nsamala, mwezi wa Okutobala kumatentha moti nkhuku nayo imayenda itayasama. Chaka chimene bambo anadwala sitiroko ankangogona m'chipinda cha malata, thukuta lili kamukamu, ndipo ine zinkandipweteka mumtima.

Achimwene anga, makaniko osamva mawu oti "sizingatheke", anabwera ndi radiyeta (choziziritsira injini) ya galimoto yakufa, kafani ndi pampu ya sola. Pampu inkakoka madzi ozizira m'chitsime cha pakhomo n'kuwadutsitsa mu radiyeta, fani n'kumapemerera bambo kamphepo kayaziyazi. Madziwo akatuluka ankangothamangira ku nthochi. Ine ndinkachedwa pomwepo, kugwira paipi yolowa, kugwira yotuluka, kudabwa kuti ina ikuzizira pomwe ina ikufunda.

Masabata atatu asanathe, chitsime chinatsika. Chitsimechi anakumba ndi bambo, ndipo sanakanizepo munthu madzi. Azimayi oyandikana nafe atayamba kutunga matope sanadandaule, anangosiya kubwera n'kumapita ku mjigo wakutali. Bambo anazindikira okha, poti pabwalo panali zii.

"Zimitsani chinthu chanuchi," anatero movutikira. "Nthochi zikumwa, anthu ali ndi ludzu."

Achimwene anakanda mutu masiku awiri. Kenaka anapinda paipi yakuda yaitali ngati nkhata, n'kuimiza pansi pa chitsime, nsonga zake zonse n'kulumikiza ku pampu ndi radiyeta. Anathiramo ndowa imodzi ya madzi basi. Anati madzi omwewo azingozungulira: atenge kutentha kuchipinda, akakusiye pansi, abwerere. Ndinawafunsa ngati chitsime sichidzafunda, nanga kutenthako kumathera kuti. Anati nthaka imameza. Ine wosakhulupirira za makaniko, m'mawa uliwonse ndinkatunga madzi n'kuviikamo chigongono. Ankakhala ozizirabe, ndipo mpaka lero zimandizunguza mutu.

Kamphepo kaja sikankazizira ngati poyamba, choncho tinkatseka chitseko ndi zenera kuti kasathawe. Chitsime chinabwerera pang'onopang'ono, azimayi aja nawonso anayambiranso kufika.

Tsiku lina masana ndinapeza chitseko chili chitsegulire, chipinda chitatentha. Ndinapsa mtima, ndinakalipa kufunsa amene watsegula. Anali bambo, anakankha ndi ndodo yawo ali chigonere. Nditati nditseke, anakweza dzanja lawo lolunga, limene sitiroko sinaligwire.

"Iyayi, chisiye, mwana wanga. Ndikufuna ndizimva ndowa ikamagunda madzi."